Mvukuto ndi Mlatho wa Tsekwe

Duane Koskela anali munthu wouzira zinthu. Kiyi asanailowetse pachitseko ankayamba waiuzira. Foni ikachedwa kuyaka, fuu! Supuni, magalasi, ngakhale mowa wochokera mufiriji, chilichonse ankachiuzira kawiri n'kuchipukuta pamalaya. Khalidweli analitenga ali mwana, masiku amene magemu a pa TV ankabwera m'makatiriji otuwa okhala ngati zidutswa za njerwa. Katiriji ikakana kuyaka, mwana aliyense wa ku Duluth, tauni yozizira ya m'mbali mwa nyanja, ankadziwa mankhwala ake: kuizula, kuiuzira, kuibwezera. Anzake anakula n'kusiya. Duane anapitirira zaka makumi anayi akuuzirabe, ndipo tauni yonse inkamutchula kuti Mvukuto.

Ankagona m'chipinda chapansi kwa mlongo wake wamkulu, Marlys, pambali pa makina ochapira zovala. Marlys ankayendetsa basi ya ana asukulu, choncho sankaopa munthu. Pamasitepe otsikira kwa Duane anakhoma msomali n'kupachikapo chikwama chobiriwira chopanda kanthu. Anachipachika chaka chatha, Duane ndi anzake ataba makina ochotsera chipale chofewa n'kuwakankha mpaka kunyumba, apolisi n'kungotsata mkukuluzi wake mpaka pakhomo.

"Wachiona?" anatero Marlys tsiku limenelo. "Wapolisi akadzagogodanso pano chifukwa cha iwe, sindidzakuwa, sindidzalira. Ndidzangochigwetsa pamsomalipo."

Kuyambira pamenepo Duane ankati akamatsika masitepe, mutu ankaupendeketsa kuti asachikhudze.

Pulani inabadwira m'bala ya kwa Gus, Lachinayi masana, anthu olongosoka ali kuntchito. Mwini pulani anali Lyle Beaudry, wotchedwa Kazembe chifukwa cha jekete lausilikali limene anagula pakaunjika. Kunkhondo sanapiteko, koma polankhula ankaloza ndi zala ziwiri. Wachitatu anali Curtis Maki, mnyamata wowonda amene ankayenda ndi kachubu ka guluu m'thumba. Nsapato, chogwirira kapu, galasi la galimoto, ngakhale dzino lake loikirira, zonse zinali zomata. Dzina lake linali Guluu.

Kazembe anasuntha mabotolo, n'kuika patebulo kanthu kokulungidwa mu sokosi.

"Amuna anga, umphawi watha lero. Mvukuto, usauzire."

Inali katiriji yotuwa, yopanda chithunzi, yokhala ndi kampata pamwamba. M'kampatamo munali kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo.

"Iyi si katiriji wamba," anatero Kazembe. "Ndi yamakono yovala zakale. M'kakhadi aka mumalowa magemu mazanamazana. Ukailowetsa m'makina akale aja, makinawo amangoona ngati ndi m'bale wawo. Tsono ine ndachotsamo onse, ndasiyamo imodzi yokha, ndipo ndaitchera kuti ikangoyaka izilowa mugemu osafunsa mafunso. Tangoganizani ndi gemu yanji."

"Ya mpira?" anatero Guluu.

"Mpira wa chiyani, iwe? Tsekwe wa Liwiro!"

Duane anatsamwa mowa. Aliyense wokonda magemu akale ankaidziwa Tsekwe wa Liwiro, gemu ya tsekwe woyendetsa njinga yamoto. Kampani yake inagwa isanapange makatiriji ambiri, ndipo otsala padziko lonse sakanadzaza ngakhale dengu. Imodzi inali ku Duluth komweko, m'kabati yagalasi, musitolo ya magemu akale ya Mayi Lindgren. Mtengo wake unkaposa wa galimoto yatsopano.

"Kabati ija ili ndi alamu, bigi," anatero Duane.

"Ndani wanena zothyola kabati? Ife si ana. Loweruka la sabata yamawa ndi mpikisano wa pachaka. Mayiyo amaitulutsa yekha ndi manja ake, n'kuilowetsa m'makina, aliyense wolembetsa n'kusewerako kamodzi. Iwe Mvukuto ukalembetsa woyamba. Ukakhala pampando ukachita chiyani?"

"Ndikasewera."

"Usanasewere, chitsiru."

Duane anaganiza. "Ndikauzira."

"Basi! Tauni yonse ikudziwa kuti ndiwe wodwala. Ukaizula, ukatembenuka, fuu fuu, yeniyeni uilowetsa m'dzanja la Guluu, yathuyi uitulutsa m'mkono wa jekete. Guluu atikonzera chithunzi chofanana ndi chenicheni. Ukatero usewera pang'ono, ufa msanga monga mwa masiku onse, tituluka ngati anthu opita kutchalitchi. Akamadzazindikira, ife tili ku Minneapolis tikudya nyama yosafuna mpeni."

Guluu anakanda m'mutu. "Koma akulu, ndinamva kuti zimakatiriji zamakonozi sizimeza gemu iliyonse. Akuti ena akale aja anali ndi tiubongo tawotawo m'kati."

"Amene anandigulitsa anayambanso kulalikira zomwezo, ine ndinamudula. Tiyesa tokha. Maso athu ndi amene atiuze."

"Nanga galimoto?" anafunsa Duane, mtima ukudziwa kale yankho.

"Ya achemwali ako. Loweruka sayenda."

Duane anaona chikwama chobiriwira m'maganizo mwake. Kenako anaona nyumba yakeyake, yokhala ndi mawindo, yopanda phokoso la makina ochapira. Anauzira mowa wake n'kumwa.

Anayesadi. Sabata yonseyo anaunjikana kwa Kazembe, makina akale atawalumikiza ku TV yake yaikulu yopyapyala, imene inadzaza khoma lonse. Tsekwe anayaka bwinobwino. Gawo loyamba, tsekwe m'munda wa chimanga: bho. Gawo lachiwiri, tsekwe mumsika: bho. Gawo lachitatu linkathera pa mlatho wothyoka woti tsekwe audumphe ndi njinga yake, ndipo apa m'pamene amuna atatuwa ankathera. Kazembe anagwera mumtsinje. Guluu anagwera mumtsinje. Duane anagwera mumtsinje mpaka chala chinatupa.

"Mwaona?" anatero Kazembe akuloza ndi zala ziwiri. "Ikuyenda yonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto."

Kumapeto kumene ankanenako kunali kumapeto kwa nzeru zawo. Gemuyo inali ndi magawo ena kutsidya kwa mlatho. Ndipo palibe mwa atatuwa amene ankadziwa kuti TV zazikulu zamakonozi zimachedwa pang'ono kuonetsa zimene makina akale atumiza. Munthu ukadina kuti tsekwe adumphe, amakhala atagwa kale.

Loweruka kunazizira koti mphuno zinkauma m'kati. Duane anauza Marlys kuti akukagula mankhwala a chifuwa, anauzira kiyi, nanyamula anzake pakona. Atafika pafupi ndi sitolo, Guluu anakuwa ali kumpando wakumbuyo.

"Akulu, chithunzi chikumatuka! Kuzizira uku!"

"Mata, ndi ntchito yako," anatero Kazembe.

Guluu anavula magolovesi, anafinya kachubu kake. Guluuyo anali atalimba ndi chisanu, ndiye anafinya ndi mphamvu, mpaka anatuluka wambiri nthawi imodzi. Chithunzi chinamatika bwino. Wotsalayo anamupukutira m'chikhatho.

Duane anazimitsa galimoto, anauzira kiyi, n'kuiponya m'thumba la thalauza lake.

M'sitolo munali modzaza. Abambo a zipara atavala malaya a zithunzi za magemu, amayi atanyamula makapu a khofi, ophunzira a kukoleji atakweza mafoni. Kutsogolo kunali TV yakale yamimba, yolemera ngati chitofu, ndi mpando umodzi. Mayi Lindgren anali mzimayi wamfupi wa imvi zometa, amene anagwirapo ntchito yolondera kundende asanatsegule sitolo. Anatsegula kabati atavala magolovesi oyera, anatulutsa Tsekwe wa Liwiro, anthu n'kuombera m'manja ngati kwabadwa mwana.

"Malamulo ndi akale omwe aja," anatero. "Aliyense kamodzi. Wofika patali kuposa onse atenga mphoto ili m'bokosi iyo. Woyamba ndi... Ambuye ndichitireni chifundo. Duane Koskela."

Anthu anaseka. "Mvukuto! Mvukuto!"

"Bambo Koskela," anatero Mayi Lindgren, "malovu anu ndikuwadziwa. Mukangoyerekeza kuuzira katiriji yanga, ndikuthyolani milomo."

"Sindingatero, mayi."

Anakhala pampando. Kumbuyo Kazembe anagwetsa dala shelefu ya timabuku, monga mwa pulani. Mayi Lindgren anatembenuka. Duane anazula, anapotoloka, fuu fuu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wa gululi, chinthu chinayenda monga anapanganira. Yeniyeni inalowa m'chikhatho cha Guluu, Guluu n'kulowetsa dzanja m'thumba la jekete. Yabodza inalowa m'makina.

"Wauzira! Mayi, wauzira!" anthu anakuwa akuseka.

"Ndakuonani, bambo inu!" anatero Mayi Lindgren. "Sewerani muchoke, ndikaipukute."

Tsekwe anayaka. Kazembe ndi Guluu anasendera kukhomo. Chotsala chinali chimodzi: Duane afe.

Koma atangodina batani, anamva chinthu chachilendo. Tsekwe anadumpha nthawi yomweyo. Osati mawa, osati akaganiza kaye ngati kwa Kazembe, koma pomwepo. Sabata yonse Duane anakhala ngati munthu wothamanga atavala nsapato zodzaza miyala, ndipo lero wina anali atamuvula. Munda wa chimanga anaudutsa osagunda phesi ngakhale limodzi. Mumsika anazemba ngolo zonse.

"Eee, koma Mvukuto ndi dolo!" anatero wina.

"Kodi amadziwa chinanso kupatula kuuzira?"

Kukhomo Kazembe anatsokomola. Duane anamva. Anati mumtima, ndifera pa mlatho, palibe chovuta, pajatu m'pamanda panga. Gawo lachitatu linayamba. Anthu anayamba kuponda pansi pamodzi. "Mvu-ku-to! Mvu-ku-to!" Chibadwire, dzina limeneli linali lomuseka nalo. Lero linkamveka ngati nyimbo.

Kazembe anatsokomolanso, mwamphamvu, mpaka mayi wina anamupatsa switi ya chifuwa.

"Tiyeni tizipita, akulu, timusiye," ananong'ona Guluu.

"Tipita pa chiyani? Kiyi ali nayo iyeyo!"

"Tiyende wapansi."

"Mpaka ku Minneapolis? Tulutsa dzanja m'thumbamo, ukuoneka ngati wakuba."

"Silikutuluka bwino, akulu."

Mlatho unaonekera. Duane anadziuza kuti, chabwino, apa ndiye ndichedwetse chala. Anauzadi chalacho. Koma chala chimene chagwera mumtsinje sabata yathunthu chili ndi maganizo akechake. Chinadina pa nthawi yake. Tsekwe anauluka, mapiko tambasu, njinga ili lendelende m'malere, n'kutera kutsidya.

Sitolo inaphulika. Bambo wina anataya khofi pamutu pa mnzake. Ngakhale Mayi Lindgren anatsegula pakamwa.

"Zaka zonsezi palibe anawolokapo pampikisano wanga," anatero. "Tsopano muona chimene katiriji iyi imadulira. Gawo lachinayi dziko lonse limazungulira. Muli kaubongo kapadera m'katimo kongogwira ntchito imeneyi basi. Penyetsetsani!"

Anthu anapenyetsetsa. Duane nayenso anapenyetsetsa, atayiwala Kazembe, atayiwala chikwama.

Dziko silinazungulire. Msewu unasanduka timabokosi tofiirira. Mutu wa tsekwe unachoka n'kukakhala pakona ya TV, ukuphethira. Njinga inapita yokha kumanzere, miyendo ya tsekwe kumanja. Nyimbo inakakamira pa liwu limodzi, piiiii, ngati galimoto ya ayisikilimu yagundidwa. Katiriji yotchipa ya Kazembe inali itafunsidwa funso limene inalibe ubongo woliyankhira.



Munthu wanzeru akanadzuka n'kunena kuti, pepani mayi, makina anu akalamba. Koma Duane anali atafika pamene sanafikepo chibadwire, ndipo wina anali atamulanda. Thupi lake linachita zimene linaphunzira ali mwana. Anazula katiriji, anakoka mpweya wonse wa m'sitolomo, n'kuuzira ndi mphamvu imene sanauzirepo chinthu.

Kakhadi kaja Kazembe anali asanakakankhe mpaka m'kati. Kanatuluka pakampata kake ngati njere ya chivwende, kanauluka pamwamba pa mitu ya anthu awiri, n'kugwera m'kapu ya khofi ya Mayi Lindgren. Tapu!

Mayi Lindgren anayang'ana m'kapu. Anavuula kakhadiko ndi zala za golovesi loyera. Katiriji ya zaka zimenezo sikhala ndi kakhadi, ndipo m'chipindamo munalibe munthu wosadziwa zimenezi.

Duane anatembenukira kukhomo, nkhope itafiira ndi ukali weniweni.

"Kazembe! Unati ikuyenda yonse! Unati mpaka kumapeto! Taona zimene wagula!"

Mitu yonse inatembenuka. Kazembe anayang'ananso kumbuyo kwake, ngati pali Kazembe wina.

"Sindikumudziwa munthu ameneyu," anatero.

"Lyle Beaudry," anatero Mayi Lindgren, mawu a kundende atabwerera, "iwe ndi mnzakoyo, manja m'mwamba, ndiwaone."

Kazembe anakweza manja. Guluu anakweza limodzi.

"Linalo."

"Lili ndi nyamakazi, mayi."

"Linalo!"

Guluu anakoka. Thumba linang'ambika. Dzanja linakwera m'mwamba, zala zili tambasu, ndipo pachikhatho, popanda woigwira, panali Tsekwe wa Liwiro itamatirira nganganga, pamodzi ndi kansalu ka thumba ndi switi imodzi yakale.

"Ndaitola pansi," anatero Guluu. "Ndimati ndikupatseni."

Anagwedeza dzanja kuti igwe. Sinagwe. Anthu makumi angapo anakuwa pamodzi kuti, "Usagwedeze!"

Apolisi atafika anapeza chitseko chokhoma, Kazembe atakhala pansi akufotokozera aliyense kuti pulani payokha inalibe vuto, ndipo Guluu atagoneka dzanja patebulo, Mayi Lindgren akumumatula pang'onopang'ono ndi mafuta ophikira ochokera kusitolo ya madonasi. Anasamala katiriji. Khungu la Guluu sanalisamale kwenikweni. Katiriji itamatuka, mpikisano unapitirira apolisi akulemba, ndipo onse otsatira anagwera mumtsinje.

Madzulo a tsikulo wapolisi anagogoda kwa Marlys kudzapereka kiyi ya galimoto. Marlys anathokoza mwaulemu, anatseka chitseko, anapita pamasitepe. Duane anali atangotulutsidwa pa belo, atakhala pabedi pake. Anamva phuu! Chikwama chobiriwira chinagubuduka mpaka pamapazi ake.

"Achemwali..."

"Khoti likufuna adiresi yako, ndiye ukhala mpaka umalize chilango. Ukamaliza, wanyamuka. Ndakuonera pafoni, anthu anditumizira. Lolemba ana a m'basi mwanga onse adzakhala akuuzira mabuku."

Woweruza anawapatsa ntchito yotola zinyalala m'mbali mwa msewu waukulu mpaka chipale chitasungunuka. Anatola atavala zofiirira zowala, magalimoto akuwaimbira mahutala. Tsiku lomaliza, madzi oundana a panyanja atayamba kusweka ndipo sitima zapamadzi zonyamula miyala yachitsulo zikulira kudoko, Kazembe anamuyandikira Duane ndi ndodo yake yotolera mapepala.

"Mwana, ndaganiza. Tinalakwitsa malo amodzi okha. Ku Fargo kuli mkulu wina ali ndi makina a magemu a m'bala, aakulu aja. Timangofunika galimoto ya achemwali ako ndi..."

"Aakulu ngati firiji aja?"

"Ali ndi mateyala, iwe."

Duane anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anauzira golovesi lake n'kupitiriza kutola.

Kunyumba anatsegula chikwama pabedi. Msuweni wawo wina ankaphika pa imodzi mwa sitima zija, ndipo ankafuna munthu wosenda mbatata ndi kutsuka mapoto mpaka nyengo yozizira idzabwerenso. Panyanja panalibe bala ya kwa Gus. Ndipo msuweniyo anati m'chipinda chodyera cha sitimayo munali TV yakale yamimba imene aliyense ankachita ulesi kuitaya.

Anaikamo masokosi, majuzi awiri, ndi makina ake akale atawakulunga m'thaulo. Marlys anatsika masitepe atanyamula kabokosi.

"Ndakumana ndi Mayi Lindgren kogula zakudya. Akuti palibe anakuposa tsiku lija, ndipo iwo saphwanya malamulo awo chifukwa cha mbava. Akuti mphoto yako iyi. Akutinso ukadzapondanso musitolo mwawo, adzakumata pakhoma ndi guluu wa mnzako."

Duane anatsegula. Inali katiriji yamakono, ya kakhadi, koma ya mtundu watsopano wodula, umene umatha kutsanzira ngakhale tiubongo tapadera tija. Anaitembenuza uku ndi uku. Kutsidya kwa mlatho dziko linali likumudikira kuti lizungulire.

"Ukupitadi kusitimako?" anafunsa Marlys.

"Mawa m'mawa. Kazembe akabwera mumuuze kuti ndamira."

"Ndimuuza ndi chitsulo chopalira chipale."

Duane anakweza katirijiyo kufupi ndi milomo.

"Ukangoyerekeza," anatero Marlys.

Anaima, masaya atatupa kale. Anameza mpweyawo, anailowetsa katiriji mu sokosi, n'kuiika pakati pa majuzi. Anakoka zipi ya chikwama. Chikwamacho chinali chitakhala pamsomali chaka chathunthu, ndipo zipi inakakamira pakati.

Anayang'ana mlongo wake. Marlys anayang'ana kudenga.

"Chabwino, uzira."

Fuu, fuu. Zipi inatseka.